Zidendene za Bambo

Bambo anga sayamba kupenya munthu kumaso, amayamba ndi kumapazi. Kwa zaka makumi atatu akhala akusoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pokwerera basi, ndipo anthu a mumsewu umenewo anaiwala kale dzina lawo lenileni. Amangowatcha a Chidendene. Mukawapatsa nsapato amaitembenuza, n'kuyendetsa chala pamene yadyeka, kenako n'kuyamba kukuuzani za moyo wanu ngati munawafunsa: kuti mumanyamula katundu phewa limodzi, kuti bondo lakumanja layamba kukuvutani, kuti mumathamangira basi chifukwa chodzuka mochedwa. Ena amaseka, ena amakwiya, koma onse amabweranso, chifukwa soli yomata bambo simatuka wamba.

Ululu wawo unayamba zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, njinga yamoto itawagunda akuwoloka msewu. Mafupa analumikizana bwinobwino, koma ululu unatsala, ngati mlendo amene wadya, wasamba, koma sakutsanzika. Umayambira m'chiuno kumanzere n'kutsika ntchafu yonse mpaka kukachala kakang'ono. Masiku ena umabaya, ena umatentha, ena mwendo umangochita dzanzi n'kumakokeka pansi. Ine ndinkagwira ntchito zitseko ziwiri kuchokera pakhondepo, pamalo ojambulira mapepala, ndipo ndinkadziwira pa nyundo. Ikamalira mosalekeza, ndiye kuti tsiku limenelo kwacha bwino. Ikangoti gu, n'kukhala chete, n'kudzatinso gu, ndiye kuti bambo akukukuta mano.

Amayi anatisiya ine ndili wamng'ono, choncho m'nyumba tinali awiri basi. Chaka chimene ndikunenachi ndinalandira kalata yakuti ndapeza malo kusukulu ya uphunzitsi mumzinda wina. Ndinaiwerenga kawiri, n'kuiponya m'dirowa, n'kulengeza kuti sindipita kulikonse mpaka bambo atapeza bwino. Ndinalankhula mokweza, ngati munthu wofuna kuwomberedwa m'manja. Bambo anangopitiriza kupaka polishi.

Mwezi womwewo dzina lawo linatuluka ku kiliniki ya ululu, titadikira pafupifupi chaka. Ndi kachipinda kapamwamba pa chipatala chachikulu, kofikako pokwera masitepe a nsanjika ziwiri, ndipo pabenchi pake pamakhala anthu amene akhala m'mbali, ena ataimirira atatsamira khoma, chifukwa aliyense ali ndi kakhalidwe kamene thupi lake limalola. Dokotala wake anali mayi wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Anali ndi kakhadi ka manambala, kuyambira ziro mpaka khumi. Ziro ndiye kuti palibe ululu, khumi ndiye ululu wosapiririka. Amene nambala yawo inali yokwera ankawalembera jakisoni wa pamsana, amene amagonetsa mtsempha kwa miyezi ingapo. Jakisoni ameneyo ndiye tinkamufuna.

Ulendo woyamba ndinalowa nawo, n'kukhala pampando wapambali ndi chikwama pamiyendo. Dokotala atawafunsa nambala, bambo anayang'ana khadi ngati akusankha nsalu, n'kunena kuti ziwiri. Ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Munthu amene m'mawa womwewo anatha mphindi khumi akuvala sokosi imodzi!

Ulendo wachiwiri, ziwiri. Wachitatu, ziwiri, ndipo anawonjezera nthabwala yakuti nsapato za adokotala zikufunika zidendene zatsopano. Ankapitako atatchena jekete la bulawuni, ndevu atameta, ndipo pakhomo la chipindacho ankawongoka n'kulowa ngati msilikali. Dzulo lake ankakhala atachotsa chidendene cha nsapato yawo yakumanzere, chimene chimadyeka mbali imodzi chifukwa chokoka mwendo, n'kukhomapo chatsopano. Kabuku kamene dokotala anawapatsa kuti azilembamo za ululu tsiku ndi tsiku, iwo ankajambulamo mapazi a makasitomala. Ati mapepala ake ndi olimba bwino.

Ine mlandu wonse ndinauika pa dokotala wina wakale, amene atayang'ana zithunzi za mafupa anawauza kuti palibe vuto, mwina angozolowera mapiritsi. Tsiku limenelo bambo anafika kunyumba n'kutaya mapiritsi onse m'chimbudzi, n'kulumbira kuti sadzapemphanso mankhwala ngati chidakwa chopempha mowa. Ndiye ndinkati manyazi a tsiku lija ndi amene akuwatseka pakamwa, ndipo ndinkamutukwana dokotala uja mumtima ndikamatsuka mbale.

Pa ulendo wachinayi mayi wamagalasi uja anatseka faelo n'kuvula magalasi ake. Anati akusangalala kuti bambo akupeza bwino, koma panja pali anthu ambiri odikira. Mwezi wamawa akadzanenanso ziwiri, adzawatulutsa m'kiliniki kuti azingolandira mapiritsi kuchipatala chaching'ono. Analankhula akuyang'ana manja a bambo, amene anali atagwira mpando mwamphamvu. Ndikhulupirira kuti ankadziwa. Koma dokotala sangabaye singano pamsana pa munthu amene akuti ali bwino. Ndinatsegula pakamwa, bambo n'kundiponda phazi.

Titatsika masitepe analephera kufika pokwerera basi. Anakhala pakakhoma ka maluwa, thukuta lili kamukamu, ndipo ine m'malo mowachitira chifundo ndinawakalipira. Ndinawakumbutsa kuti manyazi anapha lambe. Ndinawauza kuti mwezi wamawa ndidzanena ndekha, andiponde phazi kaya asandiponde. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma.

"Mwanawe," anatero, "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwendowu ndi wanga."

Sabata yonse tinkangolankhulana za mchere ndi makiyi. Ndinkawakonda ndipo ndinkafuna kuwagogoda ndi nyundo yawo yomweyo, zonse pakamodzi.

Kutatsala masiku atatu kuti tipitenso, ndinawapititsira tiyi pakhonde ndipo ndinapeza mayi wina wogulitsa zipatso atabweretsa nsapato. Bambo anaitembenuza, n'kuyendetsa chala chawo chija, n'kumuuza kuti chiuno chikumupweteka. Mayiyo anakana, ati ali bwino. Bambo anaseka n'kumuuza kuti pakamwa pamanama koma nsapato siidziwa bodza, apite kuchipatala zisanafike poipa. Mayiyo atachoka ndinaika kapu pansi n'kuwafunsa kuti nanga nsapato zawo zikuti chiyani. Anangotola kapu ija n'kuyamba kumwa tiyi. Koma dzulo la ulendo wathu sindinawaone akukhoma chidendene chatsopano.

M'mawa mwake anavala jekete lomwe lija, koma m'manja anali ndi jumbo yolemera, ndipo anakana kuti ndiwanyamulire. Masitepe anawakwera mwendo ukukokeka, osabisa. Titalowa, dokotala asanatulutse n'komwe khadi lake, bambo anakhuthula jumbo ija patebulo. Zinali zidendene zakale, zonse za phazi lakumanzere. Bambo sataya kanthu, ngakhale msomali wopindika, ndipo zidendenezo ankaziponya m'chitini cha penti pansi pa benchi lawo, chilichonse atachilemba mwezi ndi choko.

Anazindandalika mwadongosolo ngati ana a sukulu, n'kuyamba kufotokoza ndi mawu amene amalankhulira ndi makasitomala. Anati labala yotere munthu woyenda bwino imamutha chaka. Ichi chinatha miyezi inayi. Ichi, iwiri. Izi zinayi zomalizazi, mwezi umodzi chilichonse, ndipo onani mmene zadyekera kunja kokhakokha, ndiye kuti mwini wake sakukwezanso phazi, akungolikoka. Dokotala anavala magalasi, n'kutenga chidendene chimodzi n'kuyendetsapo chala monga anaonera. Anawafunsa kuti m'miyezi yozizira zimadyeka kwambiri kapena ayi, ndipo anakambirana kwa kanthawi ngati amisiri awiri.

"Ndamva zimene nsapato zanena, bambo," anatero dokotala. "Tsopano ndikufuna ndimve kwa mwini wake. Lero ndilembe zingati?"

Bambo sanadikire khadi. Anatembenukira kwa ine.

"Tatuluka kaye, mwanawe."

Ndinapsa mtima. Ine amene ndinkajomba kuntchito, ine amene ndinkawasungira malo pamzere! Ndinawafunsa kuti ndalakwa chiyani.

"Sunalakwe," anatero mofatsa. "Koma adokotalawa sindinkawanamiza iwo ayi. Ndinkanamiza iwe. Ukanamva nambala yeniyeni, kalata ija ikanatulukanso m'dirowa?"

Ndinatuluka. Ndinakhala pabenchi pakati pa bambo wina wa ndodo ndi mtsikana wa kolala yochirikiza khosi, ndipo ndinalira mopanda manyazi. Miyezi inayi yonse ndinkatukwana dokotala wakale uja, osadziwa kuti chotseka pakamwa pa bambo chinali chitakhala pampando wapambali ndi chikwama pamiyendo. Mtsikana wa kolala uja anandipatsa kathishu, akuganiza kuti nane ndine wodwala.

Anakhalamo nthawi yaitali kuposa maulendo onse anayi kuphatikiza. Atatuluka maso awo anali ofiira, ndipo m'dzanja anali ndi kapepala ka tsiku la jakisoni. Jumbo inalibe kanthu, ati dokotala wapempha zidendene zija kuti azikaonetsa ophunzira ake. Potsika masitepe anandigwira phewa, koyamba chichitikireni ngozi ija, ndipo ndinamva kulemera kwawo konse.

Jakisoni sanamuthamangitse mlendo uja, anangomuphunzitsa ulemu. Ululu ulipobe, koma bambo amavala sokosi osapumira, ndipo mwini sitolo ya zitsulo akuti nyundo yayambanso kumusokosa. Kusukulu ndinapita, bambo atandilongedzera okha nsapato ziwiri zosoka kawiri kawiri. Ndikabwera patchuthi, tsiku la kiliniki likakwana, ndimawaperekeza mpaka pakhomo la chipinda chija n'kukhala pabenchi. Nambala imene ananena tsiku lija sindikuidziwa mpaka lero, ndipo sindinawafunsepo. Ndikafika kunyumba ndimangodikira avule nsapato, n'kutembenuza yakumanzere.