Dona Ataloza Mlongo Wanga

Dzulo kuchipatala nesi anati "luku" poonetsa mnzake khanda langa, ine nkukumbukira tsiku lina ndili mwana kumsika wa thonje ku Balaka.

Tsiku limenelo, fumbi la thonje likutiyabwa m'mphuno, dona wina analoza kamlongo kanga kali kumsana kwa amayi. "Luku," anauza mwamuna wake. Ine ndinkayesa ndi mawu ogulira ana.

Amayi anafunsa kalaliki woyeza thonje, "Bambo, akuti chiyani?"

"Akuti taonani, mayi. Angomukonda mwanayo."

"Iyayi, aone chiyani? Mwana si thonje."

Anamufunditsa nsalu mpaka kumutu, tinabwerera kumudzi thonje lathu lisanayezedwe.

Lero mawuwa ndimawaphunzitsa kusukulu, tanthauzo ndikulidziwa bwino. Koma ndiulule, mlendo akayang'anitsitsa mwana wanga, ine ndimayamba ndaona kumene kuli khomo.