Magigabaiti Awiri a Alamu Anga

Ku Chinzombo boma linanditumiza kukaphunzitsa masamu, koma poti ndinali ndi laputopu, anthu anandisandutsa katswiri wa chilichonse chokhala ndi batani. Ine sindinakane. Ulemu wobwera wokha ndani amaubweza?

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, anagwira ntchito yoonetsa alendo nyama pa loji ina ya m'mbali mwa Luangwa kwa zaka zambiri. Atatopa ndi kutumidwa, anasiya n'kudzika matenti anayi pamalo a makolo awo. Alendo akunja safika pa njinga kudzafunsa pogona, amalemba imelo. Choncho panafunika webusaiti, ndipo ntchitoyo inagwera ine.

Kampani yosunga mawebusaiti inafunsa kuti tikufuna malo aakulu bwanji. Ndinatenga pepala monga mphunzitsi. Masamba asanu, zithunzi makumi anayi za matenti, njovu ndi mvuu. Zonse pamodzi sizinafike gigabaiti imodzi.

"Two GB ikwana, alamu, mpaka kutsalako," ndinatero.

"Osatenga ten?" anafunsa iwo.

"Mwakolola chidebe chimodzi, nkhokwe ya matumba handiredi ndi yachiyani?"

Anaseka n'kuvomera. Mawu amenewo amandinyansa mpaka lero, chifukwa ndinawalankhula mokoma kwambiri.

Ndinawerenga zimene ife tidzaike, osawerenga zimene ena adzatumize. Sindinadziwe, ndipo sindinafunse, kuti maimelo amagona m'malo omwewo. Alendo oyamba atabwerera kwawo ankatumiza zithunzi zothokoza, zikuluzikulu, nyalugwe mmodzi kumujambula kakhumi. Alamu sankafufuta ngakhale chimodzi. Kwa iwo kalata ya mlendo ndi ulemu, ndipo ulemu sutayidwa kudzala.

Malo a pawebusaiti aja anadzaza mvula itayamba, nthawi imene alendo amasungitsa malo a m'chilimwe. Kampani ija inachenjeza, inde, koma pa imelo yanga. Ndinali kutchuthi kwathu ku Kitwe. Ndinaona mutu wake wokha n'kunena mumtima kuti awa akungofuna kutigulitsa zina. Sindinatsegule.

Miyezi itatu alamu ankaponda matope m'mawa uliwonse kupita pachulu pomwe foni imagwira. Ankabwerako opanda kalata. Anayamba kudzifufuza okha: kapena chakudya sichinakome, kapena Chingerezi chawo chinachepa. Tsiku lina anandifunsa, "Kodi makina aja ali bwino?" Ndinayankha kuti makina sanama, alendo ndiwo asowa. Sindinayang'ane n'komwe.

Choona chinatuluka mu Malichi. Mayi wina wokonzera alendo maulendo anaimba foni kufunsa ngati alamu anatseka. Anati analemba katatu, makalata n'kumabwerera. Anali ndi magulu odzaza matenti onse mwezi wathunthu, koma anali atawapereka kale kwina. Kwinako kunali ku loji yomwe alamu anasiya.

Kukonza kunanditengera mphindi zochepa. Ndinawonjezera malo, maimelo n'kuyambanso kulowa, ambiri otsatsa malonda. Chimenecho ndicho chimandiwawa koposa, kuti chinthu chopepuka chotere chinagwetsa munthu wamkulu. Ndinakwiyira kampani, ndinakwiyira alendo ndi nyalugwe wawo, ndinakwiyiranso alamu chifukwa chosunga zonse ngati mbewu. Koma wolakwa ndinkamudziwa, ndinkamuona pagalasi ndikamameta ndevu.

Chilimwe chimenecho matenti anagonamo alendo osakwana khumi. Mvula yotsatira isanagwe, alamu anawapinda n'kupita kukapempha ntchito yawo yakale. Anawalandira, koma anawaika pansi pa munthu amene iwo anamuphunzitsa kuwerenga mapazi a nyama.

Ndinapita kukapepesa. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Zinachitika, zapita." Ndikanakonda akananditukwana. Timakumanabe pamsewu wa ku Mfuwe, iwo ali mu yunifomu. Amaima, amachotsa chipewa, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" Chichokereni tsiku lija sanandiitanepo alamu.