Ndinamusankhira Yunivesite Ngati Mbewu

Linali Lachiwiri loyamba la Januwale, cha m'ma folo koloko masana, pamene mwana wanga wamkazi anandibweretsera makalata awiri pakhonde kwathu ku Chipangali. Ina inali yomuitana ku kakoleji ka anamwino ka pamishoni, komwe munthu amafika panjinga. Inayo inali yomuitana kukaphunzira udokotala ku yunivesite ina ya ku Lusaka, imene dzina lake limamveka pawailesi m'mawa uliwonse.

"Atate, ine ndikufuna ka pamishoni," anatero. "Asisitere amadziwa wophunzira aliyense ndi dzina."

"Kameneko ukakatchula pagulu, angatembenuke ndani?" ndinamuyankha.

Anzanga a mumphakati anandivomereza. Ankati ana a anthu odziwika a m'tauni ya Chipata onse ali kumeneko.

Ine ndine mlimi. Ndimaudziwa munda wachionetsero umene ogulitsa mbewu amalima m'mbali mwa msewu. Amauthira feteleza mowirikiza, nkukhomapo chikwangwani, ndipo mudzi wonse umagula mbewuyo poti mnzako wagula. Ndachenjezapo anthu ambiri za mindayi. Koma pa mwana wanga ndinatengeka ndi chikwangwani.

Chaka chachiwiri, foni yake inakhala chete sabata yathunthu. Ndinakwera basi ya ku Lusaka.

Geti linali lokongola monga ankanenera. Ku ofesi ndinatchula dzina la mwana wanga kawiri.

"Dzina silitithandiza, bambo," anatero mlembi. "Nambala yake ya pasukulu pano?"

Sindinkaidziwa.

Ndinamupeza madzulo m'nyumba yalendi kuseri kwa mpanda, m'chipinda cha anthu sikisi. Linali tsiku lake lachinayi ali ndi malungo. Mtsikana wogona bedi la pamwamba pake anachotsa zomvera nyimbo m'makutu nati, "Ndimayesa amangokonda tulo, ankolo. Sitidziwana kwenikweni."

Nditamutengera kuchipatala ndi pamene anayamba kuulula. Holo yophunziriramo inkadzaza moti iye ankamvetsera ali pawindo, panja. Chipitireni anali asanalankhulepo ndi mphunzitsi ngakhale mmodzi. Analephera mayeso kawiri, ndipo nambala yake anaifufuta teremu yapitayo. Ankangokhala m'chipindamo, anthu akulowa ndi kutuluka.

"Bwanji sunanene, mama?"

"Ndikananena bwanji, atate? Chithunzi changa cha pageti munachipachika pabalaza. Aliyense wobwera mumamuonetsa."

Tinabwerera limodzi. Njira yonse ankayang'ana pawindo. Titatsika, mmodzi wa anzanga a mumphakati aja anatiimitsa, khasu lili paphewa.

"Adokotala athu afika. Ndi holide kodi? Mutiyeze BP, takalamba ife."

"Eya, ndi holide," ndinatero. Mwanayo anandiyang'ana, nkulowa m'nyumba.

Pachakudya anauza amayi ake kuti za sukulu iliyonse asazimvenso. Sanakweze mawu.

M'mawa mwake ndinafukula kalata yakale ija m'sutikesi, nkupalasa njinga mpaka pamishoni. Asisitere oyang'anira anaiwerenga, nkutchula dzina la mwana wanga ngati anamuona dzulo. Anati anamudikira sabata ziwiri chaka chija. Tsopano malo adadzaza, ndipo anzake amene anayamba nthawi ija ali kale m'mawodi.

"Ngati akufunabe, abwere yekha adzafunsirenso chaka chamawa. Akufuna?"

Ndinapinda kalatayo. Njinga ndinaiguza pobwerera, ndipo nditafika ndinatsitsa chithunzi chija pakhoma. Msomali ndinausiya.