Masiku Khumi a Mayi Mawa

Azakhali anga ndi atelala, ndipo pamsewu wathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amangoti Mayi Mawa. Mukapita kukatenga chovala chanu amakupatsani mpando, kufunsa za ana anu mmodzimmodzi, kenako n'kuluma ulusi n'kunena kuti, "Kwangotsala mabatani. Mubwere mawa." Akhala akutero zaka makumi awiri, koma anthu sawathawa, chifukwa chovala chikatuluka m'manja mwawo ngakhale wokhota msana amaoneka bwana.

Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Muli makina opalasa ndi mwendo, tebulo lodulirapo nsalu, ndi galasi long'aluka limene limakuonetsa mitu iwiri. Chimene amatchuka nacho kwambiri ndi kathumba kobisika, kamene amasokera mkati mwa jekete poti wopisa m'matumba sangafike. Zina zonse amayeza ndi tepi, koma kathumbako amayezera khadi lawo la kubanki. Likalowa n'kukwana ndendende, ndiye kuti thumba latheka.

Chimalizireni sukulu ndimakhala nawo, ndipo zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa. Wometa akakufotokozerani mwina, dziwani kuti wathira mchere.

Lolemba lina azakhali anafuna kukagula nsalu ya lesi ya diresi la mkwatibwi wina. Ukwati unali Loweruka la sabata yomweyo, ndipo ndalama za lesiyo mkwatibwi anali atawatumizira kubanki. Atatsegula chikwama, khadi mulibe. Tinakutumula shopu yonse. Wometa anabwera kudzathandiza, kasitomala wake akumutsatira mutu utametedwa mbali imodzi. Tinapeza masizasi awiri amene anasowa chaka chatha, koma khadi osaoneka.

"Mayi, thamangani mukalitseketse," anatero wamafoni. "Wina angadye ukwati wa eni ake."

Kubanki makina anatilavulira kapepala ka nambala 64, pamene pakhoma pankaonetsa 19. Azakhali sanadandaule. Anatulutsa siketi n'kuyamba kupinda mpendero, uku akuyeza mlonda ndi maso.

"Mwanangu, buluku limenelo anakusokera ndani? Munayambana chiyani?"

Mlonda anadziyang'ana m'miyendo.

Nambala yathu itakwana dzuwa litapendeka, azakhali anafika pawindo n'kuuma ngati chidole choyezera zovala. Mlembi wa pawindopo anali mtsikana yemwe jekete lake linali litalendewera m'shopu mwathu masabata atatu.

"Aa, Mayi Mawa! Takulandirani. Jekete langa lija?"

"Kwangotsala mabatani, mwanangu."

"Ndimadziwa. Tikuthandizeni chiyani?"

Anafotokoza. Mlembi anawafunsa tsiku lobadwa ndi dzina la amayi awo, n'kugogoda pakompyuta kawiri.

"Latsekedwa. Latsopano mulipira." Anatchula mtengo wofanana ndi umene azakhali amasokera masiketi awiri a sukulu.

"Iii! Kapulasitiki kopanda ngakhale mpendero?"

"Ndipo lidzafika pakatha masiku khumi ogwira ntchito. Loweruka ndi Lamlungu sitiwerenga."

"Ine Loweruka ndimagwira ntchito!"

"Khadi silidziwa zimenezo, mayi."

"Nanga mkwatibwi avale chiyani, makatani?"

Mlembi anati ndalama angathe kutapa pawindo pomwepo, pamtengo winanso, bola aonetse chiphaso chawo. Popanda chiphasocho ngakhale khadi latsopano sakanaliitanitsa. Azakhali anapisa m'chikwama. Munatuluka choko, mazipi, ndi riboni wautali ngati njoka. Chiphaso chinatsala kunyumba, ndipo mlonda uja anali atayamba kale kukoka chitseko.

Mlembi anapinda manja bwinobwino, n'kumwetulira mpaka mano a m'tsaya kuoneka.

"Kwangotsala chiphaso, mayi. Mubwere mawa."

Mzere wonse unagwa ndi phwete, chifukwa theka la anthuwo linali ndi zovala kwathu. Bambo wina anachita kukhala pansi. Ine ndinayesetsa kulemekeza azakhali, koma mphuno inandipereka.

Tinabwerera kushopu. Titafika azakhali anatsitsa jekete la mlembi n'kusokerera mabatani asanu ndi limodzi. Ndinawerenga nthawi pawotchi ya wometa: mphindi khumi ndi ziwiri. Masabata atatu!

Lachiwiri tinali oyamba pakhomo la banki, chiphaso m'dzanja ili, jekete m'dzanja ilo. Mlembi analivala pomwepo, anzake akuimba mluzu.

"Pisa mkatimo uone," anatero azakhali monyadira. "Ndinakusokera Lachisanu. Ngakhale mbala yophunzira singalipeze."

Mtsikana anapisa. Nkhope inasintha. Anatulutsa khadi, n'kuwerenga dzina mokweza.

Azakhali anaomba m'manja n'kuvina pamzere pomwepo. "Mwaona? Anthu anayi tinafufuza shopu yonse osalipeza! Limenelo ndiye thumba! Tsopano lidzutse, mwanangu, tisawononge ndalama."

"Lotsekedwa silidzuka, mayi. Linafa dzulo."

"Ndi ili likupuma m'manja mwakomu!"

"Linafa. Sainani apa."

Azakhali analipira za khadi latsopano, analipiranso zotapira pawindo, akung'ung'udza kuti masiketi atatu apita opanda wowavala. Koma ndalama za lesi zinatuluka, ndipo tinathamanga nazo kusitolo ya nsalu ngati tazilanda.

Masiku atatu makina sanapume. Lachisanu m'mawa mkwatibwi anabwera ndi amayi ake, onse atakonzeka kulira.

"Latha," anatero azakhali.

Mayiwo anafunsa kawiri ngati alowa shopu yolondola. Mkwatibwi anavala diresi, n'kudziona pagalasi long'aluka lija, mitu yonse iwiri ikuseka.

Khadi lakale azakhali analiboola pakona, analimanga riboni, ndipo likulendewera pamakina. Amati tsopano lapeza ntchito yake yeniyeni, yoyeza matumba. Latsopano anakalitenga tsiku lakhumi lenilenilo, n'kubwera akudabwa kuti pali anthu amene amanena tsiku n'kulisunga.

Ndinkaganiza kuti asintha. Dzulo mlonda uja anabwera kudzafunsa buluku limene anasiya kuti alikonze. Azakhali analuma ulusi, n'kuyamba kuti, "Mubwere..." Kenako anayang'ana khadi likulendewera paja, n'kupinda manja bwinobwino.

"Pakatha masiku khumi ogwira ntchito, mwanangu. Loweruka ndi Lamlungu sitiwerenga."