Nkhope ya a Solomon M'bwato la Njuga

Lekani anabadwira ku Kuntaja pa 6 Juni 1931. Ankalemba zikwangwani za masitolo ku Lirangwe, koma anali ndi vuto limodzi: sankatha kupeka nkhope. Aliyense amene ankamujambula ankatuluka munthu wodziwika.

Pa 14 Sepitembala 1957, Chitaganya chili pakati, anamaliza chithunzi pakhoma la nyumba yomwera tiyi. Anajambula mtsinje wa Shire, asodzi, amayi akuchapa, ndi bwato lolunjika kumathithi. M'bwatomo amuna atatu ankatchova njuga, nkhafi ili potero. Iye ankafuna kunena kuti wanjuga amasiyira madzi moyo wake. Anthu sanaone zimenezo. Anaona kuti wapakatiyo ndi a Solomon a ku Chileka, mkulu wa mpingo, amalume ake a Ida, mkazi amene Lekani ankafuna kukwatira. Chinkhoswe chinali pa 28, ndipo mawu omaliza anali a iwowo.

Mbiri inafika ku Chileka. Lolemba pa 23 a Solomon anatulukira pa njinga. Lekani anali atasungunula kale laimu woti afufutire, koma mwini nyumbayo anamuletsa, poti khomalo linkamuitanira anthu. Omwa tiyi anasiya makapu n'kutuluka panja.

A Solomon anayang'anitsitsa chithunzicho. Kenako anafunsa Lekani kuti ndani anamuuza za iwo. Lekani anati palibe, dzanja linangopita lokha.

"Nanga awiriwa bwanji akuseka, ine ayi?"

"Inu mwawaona mathithiwo, bambo."

"Ndawaona, koma makhadi ndagwirabe?"

Wina kumbuyo anati mwina akulu ampingo agwira abwino. Palibe anaseka.

A Solomon anati pakhomapo asawachotse, chifukwa anthu adzanena kuti anabisa kanthu. Achotse makhadi m'manja mwawo, awapatse nkhafi, iwo ali pomwepo. Lekani anatsegula chitini cha penti. Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, mkuluyo ali chilili kumbuyo kwake. Atamaliza, a Solomon anamufunsa ngati bwatolo tsopano lipulumuka.

Lekani anayang'ana mathithi aja, nayang'ana pansi.

"Layandikira kwambiri, bambo. Sindikudziwa."

A Solomon anakwera njinga osatsanzika. Masiku anayi anadutsa popanda uthenga. Loweruka m'mawa, tsiku la chinkhoswe lija, a Solomon anatuma mawu kuti mnyamatayo sanawanamize, choncho abale ake abwere ndi tambala wawo. Ukwati unadalitsidwa pa 9 Novembala 1957.