Matepi a Agogo M'munda wa Mpunga

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, aNgozo, chimayamba kundipeza ndi fungo la bokosi lawo lachitsulo: dzimbiri, mankhwala othamangitsa njenjete, ndi utsi wa mankhusu a mpunga umene unkalowa paliponse m'nyumba mwathu ku Kasinje. M'mawa uliwonse, amayi akupeta panja, nkhuku zikulimbirana zogwa m'lichero, iwo ankatsegula bokosilo n'kumapukuta matepi awo akuluakulu ndi kansalu kofewa, imodziimodzi, ngati akusambitsa makanda.

Anzawo anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, nabwerako ndi malata, njinga ndi mabulangete. Agogo mgodi anauthawa. Anagwira kamera n'kumatsatira magulu oimba nyimbo za roko, zija za magitala amagetsi olira ngati akukangana. Poyamba ankawajambula zithunzi, kenaka anayamba kuwakonzera makanema a nyimbo zawo. Atakalamba anabwerera kumudzi ndi bokosi limodzi lokhalo, ndipo ana awo sanawakhululukire.

"Woimba usamujambule akudziwa," ankandiuza. "Umudikire aiwale kuti ulipo, thukuta litamulowa m'maso."

Ankalakalaka chinthu chimodzi: kuti wina wa kwathu aone ntchito yawo, anthu asiye kuwatcha abodza. Tsiku lina tinanyamula tepi imodzi kupita nayo pamsika, pomwe bambo wina ankaonetsa kanema m'chisakasa. Tepiyo inakana kulowa m'makina, inali yaikulu. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Agogo anaikulunga m'nsalu yake, ndipo pobwerera anati, "Makina ake aliko kutauni, Tamala. Ukamaliza sukulu tidzapita."

Chaka chimenecho mpheta zinachuluka. Mpunga utayamba kukhwima, agogo anagonekedwa kuchipatala ndi chifuwa. Kwathu anthu amasolola ulusi wa makaseti akale n'kuukunga pamwamba pa mpunga. Ukamanyezimira ndi kulira mphepo ikamawomba, mbalame zimaopa. Amalume aFuledi, mwana wamwamuna wa agogo, anathyola loko wa bokosi lija ine ndili kusukulu. Ulusi wa matepi a agogo unali wotambalala, wolira kwambiri kuposa wa makaseti, moti oyandikana nafe munda anadzapemphako. Amalume anagawa mosaumira, poti sizinali zawo.

Tsiku lotuluka m'chipatala, ine ndi agogo tinadzera njira ya kudambo. Anaima. Munda wonse unali waliwali ndi ulusi wakuda, kuchoka pa nsungwi iyi kufika pa iyo.

"Fuledi, wachita chiyani?"

"Bambo, zinthuzi zimangodya malo m'nyumba," anayankha amalume osasiya n'komwe kupalira. "Bola lero zatigwirira ntchito. Kapena mumafuna ana adye kanema?"

Agogo anavula nsapato, nalowa m'matope, n'kugwira ulusi umodzi pakati pa zala. Anayenda nawo pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa munda, akung'ung'udza kanyimbo kamene ndinali ndisanakamvepo. Kuyambira tsikulo m'mawa ankangokhala pakhonde, manja ali pamaondo.

Anamwalira mvula ina isanagwe. Mpunga unachita bwino chaka chimenecho, ndipo pamaliro pawo tinaphika womwewo. Amalume poyankhula kumanda anati bambo awo anali munthu wokonda kuseketsa anthu ndi nkhani zopeka. Anthu anavomera ndi mitu. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, ndipo amalume sindinawakhululukire ngakhale anafika pokalamba. Iwo amanyadirabe kuti chaka chija mbalame sizinalawe kanthu.

Ine ndinatsala ndi chikhokho cha tepi imodzi, chopanda kanthu m'kati, cholembedwa ndi dzanja la agogo. Sukulu ndinamaliza, kutauni ndinapita. Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza mkulu wina wokonza mawayilesi amene anali nawo makina aja, atakwiririka ndi fumbi pansi pa tebulo. Anawapukuta, nawayatsa, kagetsi kobiriwira n'kuyaka.

"Akugwira bwinobwino, mayi," anatero akutambasula dzanja. "Bweretsani tepiyo tione."