Mauthenga Amene Ndinkasintha

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Dambwa North, ya zipinda ziwiri ndi balaza, ndi mchenga wa pabwalo umene unkawotcha mapazi mu Okutobala. Ndinali ndi zaka khumi pamene khoti linathetsa ukwati wa atate ndi amayi. Tsikulo onse awiri anabwerera kunyumba yomweyo, atate patsogolo, amayi pambuyo, ngati anthu ongokumana panjira. Fakitale ya nsalu kumene atate ankagwira ntchito inali itatsekedwa, ndipo analibe kopita. Anagwirizana kuti azigona pabalaza mpaka ntchito ina itapezeka.

Kuyambira pamenepo tinali ndi mbaula ziwiri. Ya amayi inkakhala kuseri kwa khitchini, ya atate pansi pa mtengo wa mango. Atate sankadziwa kuphika. Kapenta wawo, tinsomba touma tija, ankapserera tsiku lililonse, utsi n'kulowa pazenera, amayi n'kumatsokomola mwadala. Sankayankhulana. Mawu onse ankadzera mwa ine, mwana wawo mmodzi yekha.

"Jesi, uuze bamai bako simbi ni yanga lelo," ankatero atate akafuna kusita.

"Uwauze batate bako basambe mwamsanga, manzi yazayenda," ankayankha amayi, poti madzi a pampopi sankachedwa kusiya.

Ndinkathamanga pakati pa mbaula ziwirizo mpaka tsiku lina ndinaganiza kuti mawu ali m'kamwa mwanga ndi anga. Atate atandituma kukapempha mchere, ndinakauza amayi kuti atate akuti chibwabwa chawo, ndiwo ya masamba a maungu ija, chikununkhira ngati kale. Amayi anapitiriza kutakasa mumphika. Kenako anapakula pang'ono m'kambale, n'kuti ndikapereke poti chinachuluka. Kwa atate ndinakanena kuti amayi akuti mwaonda, muzidya. Anayang'ana kambaleko nthawi yaitali asanayambe kudya.

Ndinachita zimenezi pafupifupi mwezi wathunthu. Atate anakonza chitseko cha khitchini chimene chinakhala chikulira chaka chonse. Amayi anayamba kusiya simbi ili ndi makala amoto. Ine popita kusukulu ndinkayang'ana nthunzi ya mathithi a Mosi-oa-Tunya ikukwera kutali kum'mwera, mtima uli mbee, ndikukhulupirira kuti ukwati ndausoka ndekha.

Zinaululika Loweruka lina masana. Amayi ankandiluka tsitsi pakhonde, mutu wanga uli pakati pa mawondo awo, fungo la mafuta odzola ndi sopo wochapira lili m'chitenje chawo. Atate anabwera kuchokera kutauni, n'kuima pafupi, chipewa chili m'manja. Kanali koyamba kuyankhula nawo mwachindunji.

"Bamake Jesi, zikomo pa mau yamene munatuma. Na ine nimayewa masiku ya kudala."

Ankatanthauza kuti nawonso ankawasowa masiku akale. Zala za amayi zinaima m'tsitsi mwanga. "Mau yabwanji?"

Palibe amene anandifunsa. Onse anangondiyang'ana, ine maso ali pa nyerere zimene zinkadutsa pasimenti. Ndinkadikira kumenyedwa khofi. M'malo mwake ndinamva mawondo a amayi akugwedezeka. Ankaseka. Atate nawo anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe, akupukuta misozi ndi chipewa. Ndinali ndisanawamve akusekera limodzi kwa zaka ziwiri, ndipo sindinawamvenso.

Kuseka kutatha, amayi anapitiriza kuluka, pang'onopang'ono kuposa kale. "Jesi, si nchito yako iyi," anatero. "Ife tinakangiwa teka, ndise tinalephera. Iwe ulibe mulandu."

Madzulo amenewo mbaula inayaka imodzi. Tinadya atatu pamphasa, dzuwa likulowa, atate akundichotsera minga m'nsomba. Ndinaganiza kuti mwina zatheka ndithu. Koma kutauni kuja atate anali atakalandira kalata yowaitana ku ntchito ya m'minda ya nzimbe ku Mazabuka, ndipo anatiuza titangotha kudya, tisanasambe m'manja.

Tinawaperekeza Lolemba m'mawa. Tinayenda mumsewu wa Mosi-oa-Tunya masitolo akungotsegulidwa, amayi atasenza chikwama cha munthu amene sanalinso mwamuna wawo. Pabasi anagwirana chanza ngati anthu a mpingo umodzi. Atate anandigwira malukidwe aja, n'kuti ndizilemba makalata, koma ndizilemba zoona.

Anakwatiranso kumeneko, ndipo amayi anakhala m'nyumba ija mpaka imfa yawo. Masiku ano anthu akasiyana amatumizirana mauthenga pafoni, mwana sathamanganso ndi mawu pakati pawo, ndipo ndikuona kuti n'zabwino. Achibale athu akamakumbuka miyezi isanu ndi iwiri ija amati inali yochititsa manyazi, anthu osudzulana kugona denga limodzi. Ine sindiwatsutsa. Kungoti imeneyo ndiyo inali miyezi yomaliza imene ndinkadzuka m'mawa n'kumva atate akutsokomola pabalaza, amayi akusesa pabwalo, ndipo ndikanapatsidwa mwayi ndikanaibwereza yonse.